Amayi, kodi ife ndife amphawi?

Mayi wa mandasi, Mtandire:
Muli bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndabwera ndi nkhani yosiyana ndi zomwe timakamba masiku onse, koma yandikhala pamtima. Dzulo mwana wanga wa Sitandade 6 anandipeza ndikukanda ufa wa mandasi. Anaima pakhomo, chikwama chili kumsana, n'kundifunsa kuti, "Amayi, kodi ife ndife amphawi?" Akuti m'kalasi amaphunzira za umphawi, ndiye mnzake wina anamuloza chala anzake n'kuseka. Ine manja ali m'beseni, pakamwa panangouma. Kunena kuti ayi kukanakhala kumunamiza, pakuti dzana tinagonera phala. Kunena kuti inde, ndinaopa kuti mawuwo amukhazikika m'mutu mpaka kukula. Ndinangoti kavule yunifolomu. Mpaka pano sindinamuyankhe. Inu anzanga, umphawi n'chiyani kwenikweni? Ndimuuze chiyani mwanayu?

Mphunzitsi, Kawale:
Pepani kwambiri mayi. Zolozana chala m'kalasizi zimachitika, ndipo zimandipweteka nthawi zonse. Ndiyambe ndi momwe boma limayezera. A National Statistical Office a ku Zomba amayenda m'makomo kufunsa zomwe banja limadya ndi kugwiritsa ntchito. Pa kafukufuku wa 2019 mpaka 2020 anaika malire pa K165,879 pa munthu mmodzi pachaka, yomwe ndi pafupifupi K454 patsiku. Wosafika pamenepo ndiye wosauka. Anapeza kuti anthu 50.7 pa 100 aliwonse ali pansi pa malirewo, ndipo 20.5 pa 100 ndi osaukitsitsa, oti ngakhale atatenga zonse ali nazo n'kugulira chakudya chokha, thupi silingalandire chokwanira. Kumudzi anapeza 56.6 pa 100, m'tauni 19.2. Koma kumbukirani kuti kuchokera nthawi imeneyo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndiye K454 ija lero musaiyerekeze n'komwe.

Wakabaza, Chinsapo:
Aphunzitsi zikomo, koma nambala ya m'tauniyo mtima wanga ukukana. Anthu 19 okha pa 100? Bwerani ku Chinsapo kuno mudzawerenge nokha nyumba zomwe utsi umafuka kamodzi patsiku. M'tauni muno chilichonse n'chogula. Madzi pa kiyosiki ndi ndalama, moto ndi ndalama, pogona ndi lendi, ngakhale chimbudzi cha pamsika umalipira. Ine umphawi ndimaudziwa chonchi: wosauka amagula zinthu modula kuposa wolemera. Bwana amagula thumba la chimanga n'kukagayitsa kamodzi. Ine ndimagula walkman madzulo aliwonse, kaufa kokwana nsima imodzi. Mukaphatikiza ma walkman a mwezi wonse, ndalipira kuposa mtengo wa thumba lija. Mafuta ophikira a m'kapepala, shuga wa pa supuni, makala a m'kajumbo, sopo woduladula, zonsezi n'chimodzimodzi. Ndikudziwa bwinobwino kuti ndikuluza, koma ndalama ya thumba sinakhalepo m'manja mwanga pa nthawi imodzi. Njinga yomwe ndimayendetsa si yanga. Ndimayamba ndapeza ya mwini wake, kenako ya mafuta, zotsalazo ndiye za ana.

Wabizinesi, Area 25:
Ndilankhule mosapsatira ngakhale ena akwiye. Umphawi wambiri kuno ndi wa m'mutu. Ine ndinafika mu Lilongwe ndi kachikwama kamodzi, ndinayamba ndi kugulitsa maswiti ndi machesi pa depoti. Lero ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira. Pitani m'makwalalamu 9 koloko m'mawa, mupeza amuna amphamvu zawo ali pa bawo, ena ali kale pa kachasu, achinyamata ndalama yonse ikuthera kubetcha mpira. Munthu alibe ntchito koma ana 7. Ndiye tizinena boma? Mayi, muuzeni mwanayo kuti umphawi ndi ulesi, alimbikire sukulu basi.

Wogulitsa tomato, Area 36:
Achimwene a ku 25, mawu amenewo abwezeni. Mayiwa amadzuka nthawi yanji kuti mandasi afike pamsewu anthu asanapite kuntchito, mukudziwa? Ine 3 koloko m'bandakucha ndimakhala ndili panjira kupita kokapikula ku Wakawaka. Dengu pamutu, mwana kumsana. Ndimakhala padzuwa mpaka mdima. Tomato akapanda kutha amaola, mpamba watha pomwepo. Ngati kulimbikira kukanakhala kolemeretsa, amayi a m'misika ya Lilongwe bwenzi tili ndi nyumba zosanja. Oledzera alipo, sindikukana, koma kwa olemera kulibe oledzera? Kusiyana kwake n'kwakuti wolemera akalakwitsa amagwera pa matiresi, ife timagwera pamwala. Ndikufunseni chinthu chimodzi, mundiyankhe zoona. Nthawi yomwe munkagulitsa maswitiyo, munkagona kuti, ndipo lendi ankalipira ndani?

Wabizinesi, Area 25:
Ndinkakhala kwa amalume ku Biwi. Zaka ziwiri sindinalipire lendi, ndipo nsima ndinkadya pamenepo. Zimenezo sindingabise. Chaka china ndinadwala miyezi iwiri, iwo ndi amene anandisamala, katundu wanga sanakhudzidwe. Koma ndalama ndinkasunga ndine, achemwali. Ena anapatsidwa mwayi woposa pamenepo n'kuumwera.

Wogulitsa tomato, Area 36:
Ndi zimenezotu. Phindu lanu lonse linkabwerera mu bizinesi. Langa limathera m'mimba mwa ana tsiku lomwelo. Sindikuchepetsa khama lanu, koma amalume anuwo musawaiwale powerengera.

Agogo, Mchesi:
Ana anga, ndalola mdzukulu wanga andilembere, maso adafooka. Mwakhudza pomwe ndimafuna kunena. Kale kwathu ku Nkhoma mawu awiriwa sadali amodzi. Kusauka kudali kuvutika, ndipo aliyense ankasauka nthawi ina, mvula ikakana kapena dzombe likagwa. Koma akati uje ndi mphawi, ankanena munthu wopanda abale, wopanda womuyatsira moto akadwala, wopanda womulirira akamwalira. Munthu ukhoza kuvala chigamba koma uli ndi mbumba, sunkatchedwa mphawi. Mayi anga ankasimba za njala ya 1949, kuti omwe adapulumuka ambiri ndi omwe adali ndi kolowera, achibale kumadera komwe kudali chakudya. Tsono onani mnyamata wa ku 25yu, adali wosauka koma sadali mphawi, pakuti adali ndi amalume.

Ine ndaona zambiri. Anzanga adapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi, kuti akapeze ya malata ndi njinga, akazi n'kutsala okha ndi minda. Mu 1974 ndege idagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ochokera kumigodi, a Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Iwo ankati munthu asasowe zinthu zitatu, chakudya, zovala, ndi nyumba yosadontha. Mu 1994 a Muluzi adabwera ndi mawu oti kuthetsa umphawi, sukulu ya pulayimale n'kukhala yaulere, ana adadzaza mpaka pansi pa mitengo. Mu 2002 ndidaona ndi maso anga anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi. A Bingu adabweretsa makuponi a feteleza mu 2005, nkhokwe zidadzaza zaka zingapo. Aliyense adayesa mbali yake, koma nkhani idakali yomweyi. Chomwe chidasintha kwambiri ndi malo. Pa kalembera wa 1966 tidalipo anthu 4 miliyoni. Wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Munda womwe bambo anga ankalima okha, lero agawana zidzukulu zosawerengeka, aliyense kachigawo kosakwana kudyetsa banja. N'chifukwa chake ana akukhamukira kuno. Likulu lidabwera mu 1975 kuli tchire malo ambiri omwe mukukhalawo, pofika 2018 mumzinda muno mudali anthu pafupifupi 1 miliyoni. Tsono m'tauni munthu umasauka, ubale n'kuchepanso. Mavuto awiriwo akakumana pa munthu mmodzi, ndiye umphawi weniweni.

Mayi wa mandasi, Mtandire:
Agogo, mwandigwetsa misozi. Ine amuna anga anamwalira, kwawo ananditenga zonse mpaka mbale. Kwathu makolo kulibe. Ndiye mwa mawu anuwo, ndili pakati pa ziwiri zonsezo.

Agogo, Mchesi:
Pepa mwana wanga. Sindinanene kuti ndikulase. Amene adakulanda katundu adachimwa, ndipo lamulo la dziko silikuwalola kutero.

Mlimi, Mitundu:
Inu a m'tauni mumaganiza kuti kumudzi kuli bwino chifukwa madzi ndi nkhuni sitigula. Imvani momwe chaka chathu chimayendera. Mwezi wa April kapena May ndakolola. Nthawi yomweyo ngongole zonse zadzuka, mwana akufuna yunifolomu ndi makope, mayi akufuna chitenje, sopo mulibe. Mavenda afika pakhomo ndi sikelo yawo, mtengo ali kutchula ndi iwo. Ndigulitsa chimanga motchipa chifukwa aliyense akugulitsa. Ikafika January nkhokwe yapita, ndikagula chimanga chomwe chija kwa venda yemwe uja pamtengo wowirikiza. Ndalama ndiitenga kuti? Ndipita kukagwira ganyu m'munda mwa mnzanga wopeza bwino, kumupalira ndi kumubandira, andipatse kambale ka ufa. Masiku amenewo ndi omwenso munda wanga ukufuna khasu. Udzu ukula, chimanga changa chifiira, zokolola zichepa, chaka chamawa njala iyamba msanga kuposa chaka chino. Ndimaona dzenje ndikulowamo, maso ali tseguke, koma ana sangadikire mpaka March kuti adye. Feteleza wotsika mtengo wa pulogalamu ya boma ya AIP anayamba pa K4,495 thumba mu 2020, pofika 2022 anali K15,000, ndipo si onse amene dzina linkatuluka. Amene amati ulesi abwere adzagwire khasu m'mimba muli madzi okha.

Wantchito wa m'nyumba, Kauma:
Ine sindilankhulalankhula pagulu pano, koma lero ndinene. Ndimagwira ntchito m'nyumba ina kumayadi. Kuchoka kwathu kukafika kumeneko ndi mphindi zochepa wapansi, koma ukangodutsa geti uli dziko lina. M'mawa ndimasiya ana anga atamwa tiyi wopanda chomwera, n'kukafika kukaphikira agalu nyama. Madzi omwe ndimathirira kapinga tsiku limodzi, kwathu ndi zigubu za sabata yathunthu. Zimenezo ndinazolowera, si zanga, sindizisirira. Chomwe sindinazolowere ndi ichi. Tsiku lina foni inasowa m'nyumbamo. Palibe anafunsa ana awo kapena alendo omwe anabwera dzulo lake. Anangonditengera kuchipinda, n'kukhuthula chikwama changa pansi. Munali chitenje, kabotolo ka mafuta odzola, ndi mkute wa nsima womwe ndinakulunga kuti ndikapatse mwana. Mkutewo unagubuduka pa matailosi onse akuona. Foni inapezeka madzulo m'galimoto. Palibe anati pepa. Ndipo ine mawa lake ndinalawira kuntchito n'kupereka moni mwaulemu, chifukwa lendi inali itatsala masiku anayi. Kwa ine umphawi ndi umenewo. Umakhala wolakwa usanalakwe, ndipo ukapezeka wosalakwa ulibe pakamwa ponenera.

Wakabaza, Chinsapo:
Asisi, zimenezo ndi zoona zokhazokha. Pamsewu galimoto ikandigunda, anthu asanaone n'komwe amati wakabaza ndiye wolakwa. Ngakhale pamaliro, wosauka akapereka nzeru anthu amayang'ana kumbali. Mawu omwewo akanena wobwera pagalimoto, onse amati apa mwalasa. Ife ntchito yathu ndi kukumba manda ndi kutola nkhuni.

Namwino, Area 18:
Ndawerenga zonse, ndipo nkhani ya mkute ija yandikhudza kwambiri. Ndiwonjezere zomwe ndimaona kuntchito, chifukwa umphawi umalembedwa pathupi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Kupinimbira si kufupika kwa mtundu ayi. Kumayamba mwana ali m'mimba mpaka akwane zaka ziwiri, masiku 1,000 oyamba aja timanena ku sikelo. Akasowa chakudya choyenera nthawi imeneyo, ubongo nawo sukula mokwanira, ndipo pambuyo pake n'kovuta kubweza. Mwana ameneyo akadzavutika m'kalasi tidzati ndi wopanda nzeru, akadzakula n'kusowa ntchito tidzati ndi waulesi, pomwe nkhani inayamba asanadziwe kuyankhula. Ife timaphunzitsa magulu 6 a zakudya, mayi akumvetsera mwaulemu, koma ndikamuyang'ana ndimadziwa kuti kunyumba kuli ufa ndi masamba a maungu basi.

China, chipatala cha boma n'chaulere, koma kudwala si kwaulere. Pali thiransipoti, pali chakudya cha wodikirira wodwala, pali geni yomwe yaima masiku onsewo. Ndiye anthu amayamba agula panado pa okala, kudikira kuti mwina zisintha, n'kubwera matenda atakula. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Amene ankadwala kwambiri ndi a m'madera momwe chitsime chili pafupi ndi chimbudzi. Munthu amadziwa kuti madzi a pachitsime si abwino, koma a pa kiyosiki akufuna ndalama yomwe wasungira ndiwo.

Wabizinesi, Area 25:
Anamwino, za ana opinimbirazo sindinkazidziwa motero. Koma nanga za kubereka ana ambiri? Pamenepo pokha ndiye musandiuze kuti ndi boma.

Namwino, Area 18:
Njira zolera zilipo ndipo timazilimbikitsa tsiku lililonse. Koma taonani amene amabereka msanga ndi ndani. Ndi mtsikana yemwe wasiya sukulu chifukwa kunyumba kulibe chomugulira ngakhale sopo, wina n'kumunyengerera ndi kandalama. Lamulo linakweza zaka zokwatiwira kufika 18, ndipo mu 2017 Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo, koma lamulo silidyetsa munthu. Komanso kholo lopanda penshoni limaona ana ngati nkhokwe ya ukalamba wake. Ana ambiri amabweretsa umphawi, inde, koma umphawi nawo umabweretsa ana ambiri. Ukagwira mbali imodzi yokha sumvetsa.

Mlembi wa banki m'khonde, Chilinde:
Ine ndimasunga buku la gulu lathu la amayi, ndiye ndimaona momwe mabanja amagwera. Sagwa pang'onopang'ono ayi, amagwa tsiku limodzi. Mayi akuyenda bwinobwino, masheya akuponya sabata iliyonse, kenako maliro. Bokosi, galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi, ufa ndi ndiwo za anamalira. Mpamba wonse wapita. Akasowa kolowera amapita kwa akatapila, komwe ukabwereka umabweza ndi theka pamwamba kapena kuwirikiza pakutha pa mwezi, chikole ndi mbaula, matiresi kapena foni. Ndaonapo mayi akubwereka ku gulu lina kuti abweze ku gulu lathu, mpaka anasamuka usiku osatsanzika. Sanali wakuba, tinkapemphera naye limodzi.

Ndipo umphawi umadanitsa anthu. Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama lochokera ku boma, unayamba ku Mchinji mu 2006, cholinga chake ndi mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ndi chinthu chabwino, ndaona agogo olera ana amasiye akupumako. Koma pomwe ovutika ali ambiri ndipo olembedwa ndi ochepa, otsalawo amayang'ana mnzawo ndi diso lofiira. Wina akangomanga nyumba ya malata, mawa mumva kuti anakhwima. Nthawi ya kampeni timavina tsiku lonse padzuwa chifukwa cha chitenje ndi kandalama ka sopo, ndipo amene akutipatsayo akudziwa kuti njala ndi imene yatibweretsa. Munthu wanjala savuta kumugula, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa njala yeniyeniyo.

Mphunzitsi, Kawale:
Nditabwerera ku funso la mayi aja. Ine m'kalasi ndimawadziwa ana ochokera m'nyumba zovutika, osati ndi zovala zokha. Ukafunsa kuti udzakhala ndani ukadzakula, ena amakuwa kuti dokotala, woyendetsa ndege. Ena amangoyang'ana pansi, ngati funsolo si lawo. Pamenepo ndi pomwe ndimaopa. Mwana wanuyo wafunsa, ndiye kuti mutu wake ukugwira ntchito ndipo amakukhulupirirani. Musamunamize, ana amaona okha. Muuzeni kuti inde ndalama ndi zochepa, mumuonetse chifukwa chake, kuti adziwe kuti si tsoka lobadwa nalo kapena chilango. Za mnzake womuloza chalayo, kaonaneni ndi aphunzitsi ake mwakachetechete. Ambiri mwa ana osekawo kwawo n'chimodzimodzi.

Wogulitsa tomato, Area 36:
Ndipo musachite manyazi pomuuza. Manyazi achite ndi amene anakulandani mbale.

Wabizinesi, Area 25:
Ine pa za bawo ndi kubetcha sindisintha, zimawononga anyamata athu. Koma mawu oti muuzeni mwana kuti umphawi ndi ulesi ndawabweza. Mayi, ndikhululukireni, sindinkadziwa za amuna anu. Ufa wa mandasi mumagula wa makilo kapena thumba?

Mayi wa mandasi, Mtandire:
Ndakhululuka achimwene. Ndimagula makilo awiri kapena atatu patsiku, monga ananenera akabaza aja. Thumba sindinaligulepo.

Dzulo usiku ndinakhala naye pamphasa titatha kudya. Ndinatenga kakope komwe ndimalembamo za geni n'kumupatsa kuti awerenge yekha. Ufa, mafuta, shuga, yisiti, makala, kenako zomwe ndagulitsa. Anachotsera yekha ndi pensulo n'kupeza chotsala. Ndinamuuza kuti pamenepo ndiye pachoke lendi, madzi, ndiwo ndi sopo. Anakhala chete nthawi yaitali, akubwereza masamu aja ngati walakwitsa. Kenako ndinamuuza mawu a agogo a ku Mchesi, kuti tikusauka inde, koma iye ali ndi ine, ine ndili ndi iye. Anandifunsa kuti, "Nanga inuyo mukadwala?" Limenelo ndiye sindinathe kuyankha. Ndinangomufunditsa chitenje n'kuzimitsa kandulo.

Mlembi wa banki m'khonde, Chilinde:
Mayi, kodi muli m'gulu lililonse kumeneko? Magulu ambiri amakhala ndi kathumba kapadera ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro, kopanda chiwongoladzanja. Sikathetsa zonse, koma funso la mwanayo likufuna kuti mukhale ndi anthu. Ndikulemberani kumbali, ndili ndi mnzanga wa kutchalitchi amakhala cha ku Mtandire komweko.

Wogulitsa tomato, Area 36:
Za thumbazo, pezani amayi ena awiri kapena atatu okazinga mandasi kufupi nanu, musonkhe mugule limodzi n'kugawana pa sikelo. Ife tomato timapikula choncho, galimoto timalipira pamodzi.

Mayi wa mandasi, Mtandire:
Alipo awiri pamzere wathu, koma mmodzi sitiyankhulana bwino, tinakanganirana malo pamsewu chaka chatha. Ndiyesa kukamuona Loweruka. Alembi, nambala yanu ndaiona, ndikuimbirani ndikagula mayunitsi. Panopa ndisiye kaye foni, mafuta atentha pa mbaula ndipo mwana ndiyenera kumudzutsa akatunge madzi mzere usanatalike.